N'chifukwa Chiyani Msewu Umapapatiza Kutsogolo?

Mphunzitsi wa Expressive Arts akalemba pa bolodi kuti "Jambulani tauni", ana ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amandandalika nyumba m'munsi mwa pepala, iliyonse chitseko pakati, mazenera awiri, dzuwa pakona. Ena amakumbukira chithunzi cha pa kalendala kapena cha mu filimu n'kuyamba kuunjika nyumba zosanjikizana za ku Johannesburg zomwe sanaziponde n'komwe. Onsewa amasiya panja chinthu chomwe amachiona m'mawa uliwonse popita kusukulu: msewu womwe umayamba wotakata pamapazi pawo n'kumanka nupapatiza mpaka kukathera kutali. Luso loika msewu wotere papepala limatchedwa linear perspective. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabuka phunziroli likangoyamba, ena kuchokera kwa ana, ena kwa aphunzitsi, ena kwa makolo.

Kodi linear perspective n'chiyani kwenikweni?

Ndi njira yojambulira pa pepala lathyathyathya kuti woona akhulupirire kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali. Maziko ake ndi zinthu ziwiri zomwe diso limachita lokha. Choyamba, chinthu chikatalikira chimaoneka chaching'ono, ndipo kuchepako kuli ndi masamu ake: mtunda ukawirikiza kawiri, msinkhu wooneka umatsala theka, ukawirikiza katatu, umatsala gawo limodzi mwa atatu. Chachiwiri chimachokera mu choyambacho. Mizere yomwe imayenda limodzi osakumana, monga mbali ziwiri za msewu wa phula, imaoneka ngati ikuyandikirana, pakuti mpata wa pakati pake nawonso ukuchepa ndi mtunda. Mukaitsatira ndi diso imakakumana pa kadontho kamodzi. Aphunzitsi amati vanishing point, ife pano tizingoti kadontho kokumanira.

Mabuku ambiri amayamba ndi chithunzi cha njanji. Njanji ya kuno imadutsa ku Kanengo, kutali ndi mwana wa ku Mitundu. Koma mwana yemweyo khasu amalidziwa. Akaime kumutu kwa munda wongolimidwa kumene mu Okutobala, mizere yotalikirana masentimita 75 monga amanenera alangizi, ayang'ane kumene ikulowera. Pamapazi pake mpata wa mzere ndi mzere ndi woti munthu n'kuyendamo, koma kumapeto kwa munda mizere ija yathithikana. Palibe mzere womwe wasuntha. Chomwe chasintha ndi mtunda wochokera pa diso lake.

Aphunzitsi, kuno kulibe nyumba zosanjikizana. Tauniyo tiitenga kuti?

Pa Mitundu pali tauni yokwanira phunziro lonse: mashopu ondondozana moyang'ana msewu, makonde a zipilala, madenga a malata, mapolo a ESCOM, minibasi zodikira anthu, njinga za kabaza. Pa Nathenje ndiye chosavutiratu, chifukwa msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza umadutsa pakati penipeni pa malo amalonda, magolosale uku ndi uku. Luso limeneli silifunsa kutalika kwa nyumba. Limafuna mizere yowongoka yoyenda limodzi, ndipo mizere yotere ili pa lata lililonse, pa ndandanda uliwonse wa njerwa, ngakhale m'chigafa cha fodya momwe mphanda zimaima motsatana.

Ine kukopera chithunzi cha New York sindikuwerengera kwenikweni. Dzanja limaphunzira, koma diso limagona. Mwana wokopera akubwereza ntchito yomwe kamera inamaliza kalekale: inasankha kale poima, inaphwatalalitsa kale zonse. Mwana yemwe wakhala pa khonde la golosale ndi kope lake ayenera kusankha yekha poima, kupeza yekha msinkhu wa diso lake, ndi kuona yekha ngati denga likutsika kapena likukwera. Zimenezo ndizo zomwe phunziroli likufuna kuphunzitsa.

Mzere wopingasa womwe amati tiziyamba nawo uja ndi wa chiyani?

Ndi msinkhu wa maso anu. Apa ndi pomwe ambiri amasochera, ndiye tikhalitsepo pang'ono.

Ana amauzidwa kuti mzerewu ndi pomwe thambo limakumana ndi dziko. N'zoona pokhapokha pamalo osalala popanda chotchinga. Amene anapitako ku Senga Bay ku Salima akudziwa: ukaima pagombe, mzere wa madzi uli ndendende pa maso ako, ukakhala pamchenga umatsika nawe, ukakwera pathanthwe umakwera nawe. Kuno mzerewu wabisika kuseri kwa phiri la Bunda, phiri la Nkhoma, mitengo ya bulugamu ndi makoma a mashopu, koma ulipo. Kuupeza n'kosavuta. Nyamulani kope chogoneka, mulikweze pang'onopang'ono kutsogolo kwa nkhope mpaka musaonenso pamwamba pake kapena pansi pake, muzingoona m'mphepete mokha. Pomwe m'mphepetemo mukudula khoma la patsogolo panu, mzere wa maso uli pamenepo.

Mukaupeza, lamulo ndi limodzi. Mzere uliwonse wopita kutali womwe uli pamwamba pa maso anu umatsika. Womwe uli pansi pa maso anu umakwera. M'mphepete mwa denga mumatsika polowera kutali. Maziko a nyumba, ngalande ndi m'mbali mwa msewu zimakwera. Ana amakana zimenezi poyamba, chifukwa akudziwa kuti denga la shopu ndi lowongoka, ndipo dzanja limakonda kujambula zomwe mutu ukudziwa. Mankhwala ake ndi pensulo: itambasuleni chopingasa kutsogolo kwa maso, tsinzinani diso limodzi, muyerekeze ndi m'mphepete mwa denga. Kupendekako kumaonekera pomwepo, ndipo nthawi zambiri n'kwakukulu kuposa momwe munthu amaganizira.

Mzere wa maso umathandizanso kuika anthu ndi zitseko. Chitseko cha shopu chimakhala pafupifupi mamita awiri, pomwe maso a munthu wamkulu woimirira amakhala cha pa mita ndi theka. Ndiye kuti pamalo osalala mzerewu udzadula chitseko chilichonse pa magawo atatu mwa anayi a msinkhu wake, kaya chili pafupi kaya kutali. Anthu nawonso chimodzimodzi. Mukajambula muli chiimire, mitu ya anthu amsinkhu wanu, mayi wogulitsa tomato apa ndi kondakitala ali uko, yonse imagunda pa mzere womwewo. Chomwe chimasintha ndi mapazi, omwe amanka nakwera papepala munthu akamatalikira. Mwana akangogwira chinthu chimodzi chokhachi, chithunzi chake cha msika chimasiya kukhala ndi anthu oyandama m'malere.

Aphunzitsi achenjere pochonga. Mwana wa Sitandade 5 wokhala pansi ndi mphunzitsi woimirira sangatulutse chithunzi chofanana cha khonde lomwelo. Wokhala pansiyo mzere wake wa maso uli m'munsi, choncho madenga ake atsika mwamphamvu ndipo anthu oimirira amuposa onse. Sanalakwe. Wina akakwera phiri la Bunda n'kuyang'ana nyumba za sukulu ya ukachenjede ya LUANAR kumunsi, mzere wake udzakhala pamwamba pa pepala ndipo adzaona madenga okhaokha. Nayenso sanalakwe.

Tiyambe bwanji kujambula msewu wa pa Nathenje?

Choyamba, musaime pakati pa M1. Malole a pa msewu umenewu sadikira wojambula. Khalani m'mbali, pa khonde, moyang'ana kumene msewu ukulowera. Kadontho kanu kokumanira sikadzakhala pakati pa pepala, kadzapendekera mbali yomwe mwakhala, ndipo chithunzi chimakomanso kotero.

Jambulani mzere wa maso mopepuka. Ikani kadontho pomwe msewu ukuoneka kuti ukuthera. Kuchokera pa kadonthoko kokani mizere yopepuka yobwera kwa inu: iwiri ya m'mbali mwa phula, umodzi wa maziko a mashopu ndi umodzi wa madenga mbali iliyonse. Kenaka imikani makoma. Mizere yoimirira imakhalabe yoimirira, osapendeka ngakhale pang'ono. Khoma lomwe lakuyang'anani maso ndi maso, monga mbali ya shopu yoyamba, limajambulidwa momwe liliri, la makona anayi owongoka. Khoma loyang'ana msewu ndi lomwe limatsata kadontho, pamodzi ndi pamwamba ndi pansi pa zitseko zake, mazenera ake, ngakhale zilembo za chikwangwani chake.

Cholakwika chofala ndi kutambasula khoma loyang'ana msewulo. Mwana akudziwa kuti shopu ndi yaitali mamita asanu ndi limodzi, ndiye amaipatsa malo ambiri papepala. Koma mukaiyang'ana chammbali imafupika kwambiri. Yezani ndi pensulo, mkono utatambasuka, chala chachikulu chikusunga muyezo: nthawi zambiri shopu yachitatu yonse imaoneka yopyapyala kuposa chitseko cha shopu yoyamba. Minibasi, anthu, mbuzi ndi milu ya anyezi zibwere pomaliza, mafupa a chithunzi atakhazikika.

Mapolo a magetsi amandivuta. Ndiwatalikitse bwanji?

Tiyerekeze kuti mapolo atalikirana mamita 50 ndipo inu mwaima mamita 50 kuchokera pa loyamba. Loyambalo mukalijambula masentimita 12, lachiwiri likhala 6, lachitatu 4, lachinayi 3, lachisanu 2.4. Taonani kuti kutsika kwakukulu kuli pakati pa loyamba ndi lachiwiri, kenaka kumanka kuchepa. Ana ambiri amachotsa muyezo wofanana nthawi iliyonse, 12, 10, 8, 6, ndipo msewu umaoneka wabodza ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika.

Pali njira yosafuna kuwerengera. Kokani mzere wa pamitu pa mapolo ndi wa patsinde pake kupita ku kadontho kokumanira. Imikani polo loyamba ndi lachiwiri. Pezani pakati pa loyamba, mukoke mzere wachitatu kuchokera pamenepo kupita ku kadontho. Mzerewu udula polo lililonse pakati. Tsopano kokani mzere kuchokera pamutu pa polo loyamba, kudutsa pakati pa lachiwiri, mpaka ukagunde mzere wa pansi. Pomwe wagundapo ndi patsinde pa polo lachitatu. Bwerezani kuchokera pa lachiwiri kudutsa pakati pa lachitatu, mupeza lachinayi. Zipilala za khonde, mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi mazenera a kalasi zimapezeka momwemo.

Kupeza pakati pa khoma lopendeka n'kosavutanso: lumikizani makona ake anayi ndi mizere iwiri yopingasana. Pomwe yadutsana ndipo pakati, ndipo mudzaona kuti pasunthira chakutali. Nsonga ya denga kapena chitseko cha pakati chiikidwe pamenepo.

Nanga ndikaima pakona pa nyumba, n'kumaona makoma awiri nthawi imodzi?

Pamenepo timadontho timakhala tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, tonse pa mzere wa maso. Yambani ndi mzere woimirira wa kona yomwe ili pafupi nanu, ndiwo wautali kuposa yonse. Kuchokera pamwamba ndi pansi pake kokani mizere kupita ku timadontho tonse tiwiri. Khoma la kumanzere limatsata kadontho ka kumanzere, la kumanja ka kumanja. Timadonthoti titalikirane. Nthawi zambiri timagwera kunja kwa pepala, ndiye muike chizindikiro cha choko pa desiki kapena pansi. Mukatipanikiza kuti tikwane mu kope, kona ya nyumba imasongoka monyanyira ndipo nyumbayo imaoneka ngati ikufuna kugwera woona.

Koma msewu wathu si wosalala, ndipo pamsika palibe chomwe chili pamzere.

N'zoona, ndipo mabuku ambiri amathawa pamenepa. Msewu wa M1 umatsikira ku mitsinje monga Nanjiri n'kukweranso. Msewu wokwera uli ndi kadontho kake pamwamba pa mzere wa maso, wotsika kadontho kake kali pansi. Koma nyumba za m'mbali mwake zimatsatabe mzere wa maso, chifukwa mmisiri anagwiritsa ntchito levulo ndipo njerwa zake sizikwera phiri ndi msewu. Msewu wokhota muudule m'zidutswa zowongoka, chilichonse ndi kadontho kake, kenaka musalaze makona.

Tsiku la msika pa Mitundu benchi lililonse layang'ana kwake, ngolo yaima chopingasa, matumba a mtedza aunjikidwa mwawamba. Chilichonse cha makona chili ndi timadontho take, koma ngati chakhala pamalo osalala timadontho tonseto tili pa mzere umodzi womwe uja. N'chifukwa chake ndimati mzere wa maso ndi wofunika kuposa kadontho.

Zozungulira nazo zili ndi khalidwe lake. Kamwa la mgolo, lichero la nyemba ndi tayala la njinga loonedwa chammbali sizioneka zozungulira bwinobwino, zimaphwatalala. Lichero lomwe lili pamapazi panu limaoneka lotseguka. Likamayandikira msinkhu wa maso limanka liphwatalala mpaka kusanduka mzere. Nkhokwe imaonetsa zonse pamodzi: tsinde lake, lomwe lili pansi pa maso, limapindikira pansi, pomwe m'mphepete mwa denga lake mumapindikira m'mwamba.

Ndipo kutali sikumangidwa ndi mizere yokha. Mapiri a Dzalanyama mukawaona kuchokera cha ku Mitundu amakhala otuwa mobiriwira, ndipo mu Okutobala utsi ndi fumbi zimawafafaniza ndithu. Sindikizani pensulo pa zapafupi, muipepuze pa zakutali.

Anayambitsa zimenezi ndani?

Njira yake inadutsa mu Africa. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, analemba ali ku Cairo buku la kaonedwe ka maso pakati pa 1011 ndi 1021, momwe anatsimikiza kuti timaona chifukwa kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso motsata mizere yowongoka. Bukuli litamasuliridwa m'Chilatini linawerengedwa kwambiri ku Ulaya.

Amene anatengera nzeruyi pa chojambula ndi Filippo Brunelleschi, mmisiri wa zomangamanga wa ku Florence ku Italy, cha m'ma 1420. Anajambula pa thabwa nyumba yobatiziramo ya mumzindawo, n'kuboola kabowo pa thabwalo. Munthu ankasuzumira pa kabowoko kuchokera kumbuyo kwa thabwa, atagwira kalilole kutsogolo. M'kalilolemo ankaona chithunzi. Akachotsa kalilole ankaona nyumba yeniyeniyo, ndipo ziwirizi zinkagwirizana. Thabwalo linatayika. Masaccio anagwiritsa ntchito njirayi cha m'ma 1427 pa chithunzi cha Utatu Woyera m'tchalitchi cha Santa Maria Novella, moti khoma linaoneka ngati labooledwa n'kukhala chipinda. Mu 1435 Leon Battista Alberti analemba malamulo ake m'buku lotchedwa De pictura, ndipo kuyambira pamenepo lusoli linakhala lophunzitsika kwa aliyense.

Chitsanzo chomwe ambiri tinachionapo pa makalendala ndi m'nyumba za akhristu ndi Mgonero Womaliza wa Leonardo da Vinci, womwe anaujambula pa khoma ku Milan pakati pa 1495 ndi 1498. Ikani rula pa mizere ya kudenga ndi ya m'makoma a chipindacho: yonse ikukumana pa mutu wa Yesu. Pa khomalo panapezeka kabowo ka msomali pamalo omwewo, pomwe ankamangirira ulusi pokoka mizere. Leonardo anasankha kadontho kake kuti diso la woona lipite pomwe iye akufuna, phunziro lomwe mwana wojambula Nathenje angalitengere: chomwe mukufuna kuti anthu achione, chiikeni pafupi ndi pomwe mizere ikulowera.

Ndiye kuti makolo athu sankadziwa kujambula?

Pitirirani Nathenje polowera ku Dedza, mukafike ku mapiri a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Zina ndi zinyama zojambulidwa ngati ukuziona kuchokera pamwamba, miyendo yonse inayi itatambasuka. Wojambulayo sankafuna kuonetsa pomwe iye waima. Ankafuna kuti wophunzitsidwa aone chinthu chonse ndi kusunga mwambo wake, ndipo pa ntchito imeneyo njira yake inali yoyenera. Aigupto akale ankajambula mfumu yaikulu kuposa antchito ake chifukwa cha ulemu, osati mtunda. Ku China, Zhang Zeduan anajambula mzinda m'zaka za m'ma 1100 pa mpukutu wa mamita opitirira asanu, milatho, mashopu ndi makamu a anthu, popanda kadontho kamodzi kokumanira, chifukwa woona amayenda ndi chithunzicho akamafunyulula. Ndipo Pablo Picasso, yemwe lusoli ankalidziwa bwino lomwe, anayamba kulitaya dala cha m'ma 1907, ataona mwa zina zosemasema za ku Africa.

Funsoli lili ndi mbiri yowawa. Mu 1960 William Hudson anafalitsa kafukufuku yemwe anachita ku South Africa pakati pa ogwira ntchito m'migodi ndi magulu ena. Ankaonetsa chithunzi cha mlenje wogwira mkondo, gwape kutsogolo kwake, ndi njovu yaing'ono pa kaphiri pakati pawo, kusonyeza kuti ili kutali. Funso linali lakuti mlenjeyo akulasa chiyani. Ambiri omwe sanapite kusukulu anati njovu, ndipo panatuluka mbiri yoti anthu a ku Africa saona kutali pa chithunzi. Jan Deregowski, akugwira ntchito ku Lusaka, anafunsa mwanjira ina: anapatsa anthu timitengo ndi dongo kuti apange chomwe akuona pa chithunzi, ndipo angapo ndithu mwa omwe analephera mayeso a Hudson anapanga zinthu zokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Mu 1979 Robert Serpell anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England pa kukopera maonekedwe a zinthu. Ndi pensulo ndi pepala a ku England anapambana. Ndi waya a ku Zambia anapambana. Ndi dongo panalibe woposa mnzake.

Aliyense amene anaona mnyamata wa ku Mitundu akupinda galimoto yamawaya, ya chiwongolero chokhota ndi zitseko zotseguka, sangadabwe ndi zotsatirazi. Mnyamata ameneyo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali mwa chinthu amazidziwa bwino. Chomwe sanachizolowere ndi pepala. Mphunzitsi wanzeru angamuuze kuti abwere ndi galimoto yakeyo m'kalasi, aiike pa desiki, atsinzine diso limodzi n'kuijambula. Popeza ndi ya waya, mizere ya kumbuyo ikuoneka yonse, ndipo aona yekha kuti tayala lakutali n'laling'ono.

Kalasi langa lili ndi ana ochuluka, marula ndi mapepala n'zosakwanira. Ndingatani?

Pepala lopindidwa kawiri limapereka m'mphepete mowongoka mokwanira. Kumbuyo kwa kalendala yakale, katoni ya sopo ndi khala la pamoto zimagwira ntchito. Pa bolodi, khomani kamsomali kapena gwiritsani mwana mmodzi nsonga ya ulusi pa kadontho kokumanira, wina azikoka ulusiwo uku ndi uku pomwe inu mukutsata ndi choko.

Chida chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi kazenera ka katoni. Dulani bowo la makona anayi pa katoni, mumatepo pulasitiki yoonekera ya paketi ya shuga, yokokedwa bwino. Mwana atsamire mutu pa chipilala kuti usasunthe, atsinzine diso limodzi, mnzake agwire kazenerako chilili, iye atsate ndi cholembera m'mphepete mwa denga ndi khonde la sukulu monga akuzionera. Akachotsa, apeza kuti wajambula mizere yopendeka yomwe akanakana mukanamuuza ndi pakamwa. Alberti ankalangiza nsalu yopyapyala yogawidwa ndi ulusi m'timabokosi, ndipo Albrecht Dürer anasindikiza zithunzi za zida zotere mu 1525. Cha katoni ndi mdzukulu wa zimenezo.

Mayeso a Sitandade 8 a MANEB ali ndi pepala la Arts and Life Skills, ndipo chiyeso chimakhala chongolembetsa ana manotsi oti aloweze. Mwana akhoza kuloweza tanthauzo la vanishing point n'kukhoza, koma osatha kuloza pomwe ili pa khonde la kalasi lake. Phunziro limodzi la panja, ana atakhala m'magulu moyang'ana buloko la sukulu, limaposa masamba atatu a manotsi.

Tikapita ku Lilongwe n'kuyang'ana nyumba zazitali m'mwamba, bwanji zimaoneka ngati zikugwera kumbuyo?

Chifukwa mwakweza mutu. Pamwamba pa nyumba pali kutali ndi diso lanu kuposa pansi pake, choncho mizere yoimirira nayo yayamba kuyandikirana, kulowera ku kadontho kachitatu kumwamba. Yesani pa Kang'ombe House ku City Centre, mutaima pafupi. Nyumba ya Reserve Bank ndiyo yosokoneza wophunzira, poti inamangidwa yotambalala kumwamba, ndiye mamangidwe ndi diso zimakokana. Pa mashopu a pa Nathenje kadontho kachitatu sikafunika.

Foni ikujambula kale zonsezi. Mwana wanga avutikirenji?

Foni imajambula chomwe chilipo. Nyumba yomwe sinamangidwe, kabati yomwe ikadali matabwa, geti lomwe likadali zitsulo pa shedi ya wowotcherera, foni siingazione. Kalipentala yemwe angathe kutenga pensulo n'kuonetsa kasitomala momwe kabati idzaonekere pakona pa chipinda amagwirizana naye mtengo msanga, ndipo mikangano ya "si zomwe ndinanena" imachepa. Olemba zikwangwani, ojambula m'mabuku a ana ndi okonza zithunzi pa kompyuta amadya ndi luso lomweli. Amene apitirire nalo alipeza mu Technical Drawing m'sukulu zina za sekondale, m'makoleji a ntchito zamanja monga a Lilongwe ndi Namitete, ku MUBAS ku Blantyre kwa ofuna kulemba mapulani a nyumba, ndi ku University of Malawi ku Zomba kwa ofuna zojambulajambula.

Mwana adziwenso malire ake. Mmisiri samanga potengera chithunzi cha perspective, chifukwa miyezo yake imasintha ndi mtunda. Amamanga potengera pulani, pomwe mita ndi mita paliponse. Chithunzicho ndi cha mwini nyumba, kuti aone ndi kuvomera. N'chifukwa chake chimathanso kunamiza. Zikwangwani zotsatsa nyumba ndi mapuloti zomwe zimaikidwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe zimatha kuika mzere wa maso pansi kwambiri, cha m'mawondo, kuti kanyumba ka zipinda ziwiri kaoneke kotalika, ndipo timadontho amatiyandikizitsa kuti bwalo lioneke lalikulu. Wodziwa lusoli amayang'ana pomwe mzere wa maso ukudula chitseko, n'kufunsa wogulitsayo kuti amuonetse pulani yokhala ndi miyezo.